Sefa ya mfuti pakhomo: kodi imaletsadi akuba, nanga muisankhe ndi kuimangirira bwanji?

Anthu amene ali ndi mfuti ya laisensi amakonda kufunsana kuti kodi sefa, chibokosi chachitsulo chija chosungiramo mfuti, imathandizadi akuba akalowa m'nyumba kapena ndi kungotaya ndalama basi. Ine yankho langa ndi loti eya imathandiza, koma osati mmene ogulitsa amaitamira muja. Palibe sefa yosatsekulika. Munthu akakhala ndi zida zoyenera komanso nthawi yokwanira, sefa iliyonse aitsekula ndithu. Nde chimene mukugula inuyo ndi mphindi, mphindi zoti wakuba atuluke thukuta, achite phokoso, ayambe kuopa kuti apezereredwa, mpaka aisiye. Ndipo mphindi zimenezo zimachuluka kapena kuchepa malinga ndi zimene inuyo mwachita sefayo itafika pakhomo.

Ndili ndi mnzanga wina amene anagula sefa yaitali, yonyezimira bwino, chitseko chake chooneka chochindikala, nkuiimika kuchipinda chogona. Ndinamufunsa kuti bwanji osaimangirira pansi, iye amvekere aaa imeneyi ndi yolemera, ndani angainyamule. Inali ya makilogalamu mwina 90. Atachokapo masiku awiri anakapeza chitseko chakuseri chothyoledwa, bulangete la pabedi palibe, ndipo pansi panali mizere iwiri yokandika kuchokera kuchipinda kudutsa pakolido mpaka pakhomo. Anaigoneka pabulangete nkuikoka. Sanavutike nkomwe kuitsekula m'nyumbamo, anakaitsekulira kwawo mtima uli m'malo. Mfuti ziwiri zinapita, ndipo chimene chinkamusowetsa tulo si mtengo wake ayi, koma kuganiza kuti mfuti zolembedwa dzina lake zili m'manja mwa anthu amene angapite nazo kukavulaza munthu wosalakwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, nchifukwa chake ndalemba izi.

Ndipo vutoli si laling'ono. Ku America bungwe la boma loona za mfuti la ATF linapeza kuti mfuti zoposa 1 miliyoni zinabedwa pakati pa 2017 ndi 2021, ndipo pafupifupi zonsezo zinabedwa kwa anthu wamba, m'nyumba ndi m'magalimoto mwawo, osati m'mashopu ogulitsa mfuti.

Yambani ndi lamulo, kenako dzifunseni kuti mukutchinga ndani

Musanayang'ane sefa iliyonse fufuzani kaye kuti lamulo la dziko limene mukukhala likuti chani pa kasungidwe ka mfuti, chifukwa mayiko ambiri anachita kulemba mtundu wa sefa yovomerezeka. Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000 limafuna sefa yogwirizana ndi muyezo wa SABS 953-1. Ku Britain makabati a mfuti amayezedwa ndi BS 7558 ndipo apolisi amabwera kudzaona pamene mukusungira. Ku Germany kuyambira July 2017 amene akugula sefa yatsopano ya mfuti amayenera kupeza ya EN 1143-1 giredi 0 kapena yoposa pamenepo. Ku Australia, m'zigawo ngati New South Wales ndi Victoria, sefa yosakwana makilogalamu 150 ikakhala yopanda kanthu iyenera kumangiriridwa pansi kapena kukhoma. Funsani ku ofesi imene inakupatsani laisensi, safunsa anadya phula, mungagule chinthu chodula kenako nkuuzidwa kuti sichikuvomerezeka.

Mukadziwa lamulo, khalani pansi muganize za anthu amene mukufuna asafikire mfutiyo. Alipo a mitundu itatu ndipo sefa imawagwira mosiyana. Woyamba ndi mwana, mlendo, kapena wachibale amene mutu wake suli bwino pa nthawiyo, mwina wakhumudwa kwambiri kapena waledzera. Kwa ameneyu olo kabati yachitsulo chopyapyala yokhala ndi loko wabwino imagwira ntchito yaikulu zedi, ndipo kwa ine chifukwa chimenechi pachokha nchokwanira kuti munthu akhale ndi sefa. Wachiwiri ndi wakuba wothamanga, uja walowa poti waona kuti pakhomo palibe munthu, ali ndi sikuludalaiva kapena kachitsulo kotsekulira mawindo, akufuna zinthu zonyamulika msanga atuluke. Akuba ambiri a m'nyumba ndi otere, ndipo sefa yapakati yomangiriridwa bwino imawagonjetsa. Wachitatu ndi uja wamva kuti muli ndi mfuti ndipo wabwerera zimenezo basi, wabwera ndi mnzake, mgwala wautali, gulayinda ya batire, komanso akudziwa nthawi imene simukhalapo. Ameneyu nde ovuta, sefa zambiri zogulitsidwa kuti ndi za mfuti sizingamuimitse nthawi yaitali, ndipo pa iyeyu chimene chimakuthandizani kwambiri ndi pakamwa panu ndi alamu, tifikapo kutsogoloku.

Yang'anani chitsulo, penti isakunyengeni

Apa mpamene anthu ambiri timapusitsikira. Umalowa mogulitsa masefa, umaona chitseko chochindikala ngati chikhatho, mabawuti akuluakulu onyezimira ali ndandanda m'mbali, chogwirira chokongola, basi mtima pansi kuti ndapeza chinthu. Koma chitseko chambiri chimene chimaoneka chonenepa chimakhala chitsulo chopyapyala chopindidwa, mkati mwake muli mabodi a gypsum ndi mpata wa makina a loko. Kunenepa kwa chitseko ndi kuchindikala kwa chitsulo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Funsani wogulitsa kuti chitsulo cha thupi la sefayo, kutanthauza m'mbali, kumbuyo ndi pamwamba, ndi mamilimita angati, ndipo chitsulo chenicheni cha pachitseko ndi mamilimita angati. Akakuyankhani za gauge dziwani kuti nambala ikamakula chitsulo chimakhala chikupyapyala. 14 gauge ndi pafupifupi mamilimita 1.9, 12 gauge ndi 2.7, 10 gauge ndi 3.4, pomwe 7 gauge ndi pafupifupi 4.5. Masefa ambiri otsika mtengo ali pa 14 kapena 12 gauge, ndipo chitsulo chotere nkhwangwa yaikulu imachiboola, gulayinda nde imangodutsa. Ine ndimalangiza kuti ngati thumba likulola musatsike pa 10 gauge m'thupi, ndipo pachitseko pakhale chitsulo chathunthu cha mamilimita 6 kupita m'mwamba. Wogulitsa akamazemba funso limeneli, akumangokuuzani za kuchuluka kwa mabawuti ndi mashelefu, dziwani kuti chitsulocho nchopyapyala.

Za mabawuti a chitseko, kuchuluka kwake sikutanthauza zambiri. Chofunika ndi chimene mabawutiwo agwirako mkati komanso kulimba kwa felemu imene amalowamo. Tsekulani chitseko, gwirani mkombero wa felemu ndi zala, muone ngati ndi chitsulo chochindikala kapena ndi lata longopindidwa. Kenako tsekani, mukhome, nkugwedeza chitsekocho. Chikamasewera, komanso mpata wa pakati pa chitseko ndi felemu ukakhala woti nsonga ya mgwala ingalowe mosavuta, imeneyo isiyeni. Sefa zambiri zapakhomo zimagonja chonchi, osati pa loko ayi, felemu imapindika mabawuti nkutuluka.

Mahinjesi okhala kunja asakuopseni. Sefa yopangidwa bwino imakhala ndi mabawuti kapena chitsulo chogwira mbali ya mahinjesi mkati, nde olo munthu awadule chitseko sichichoka. Ingoonetsetsani kuti zimenezo zilipo.

Werengani kachizindikiro ka mayeso

M'mbali mwa chitseko mkati, sefa yoyezedwa ndi bungwe loima palokha imakhala ndi kachitsulo kapena sitika yonena muyezo wake. Mawu ngati "yolimba kwambiri" olembedwa pakatoni alibe ntchito, kachizindikiro aka nde nkofunika.

Masefa ambiri a mfuti ochokera ku America amakhala ndi chizindikiro cha RSC, kutanthauza bokosi lotetezera katundu pakhomo, chochokera ku bungwe loyeza katundu la UL, pansi pa muyezo wa UL 1037. Tanthauzo lake nloti sefayo inapirira kwa mphindi 5 munthu mmodzi akulimbana nayo ndi zida zazing'ono zapamanja, hamala yosaposa makilogalamu 1.4 ndi chitsulo chokanulira chosaposa masentimita 46. Mphindi 5 basi, ndipo gulayinda palibepo pa mayeso amenewo. Pali RSC Level II imene ndi mphindi 10 anthu awiri ali ndi zida zamphamvuko. Pamwamba pa zimenezi pali TL-15 ndi TL-30 za muyezo wa UL 687, amenewa nde masefa enieni ngati amene ogulitsa golide ndi miyala yodula amagwiritsa ntchito. TL-15 imapirira mphindi 15 pachitseko akatswiri akugwiritsa ntchito zida zamagetsi zoboolera, TL-30 mphindi 30 kuphatikizapo zida zodulira, ndipo ikalembedwa TL-30X6 ndekuti mbali zonse 6 zinayezedwa. Sefa ya TL imayenera kulemera makilogalamu 340 kapena kuposa, apo ayi ikhale ndi pomangirira. Ku Ulaya kuli EN 14450 ya S1 ndi S2 imene ndi ya makabati opepukirapo, ndi EN 1143-1 imene imayambira giredi 0 kumakwera.

Mphindi zimenezi musazione ngati zochepa kwambiri. Pa mayeso amawerenga nthawi yokhayo imene chida chikugwira sefa, akaima kusintha chida kapena kupuma wotchi imaimanso, ndipo oyezawo ndi akatswiri amene amaona kaye mapulani a sefayo nkudziwa pofooka pake. Wakuba wa mumdima amene mtima ukugunda angatenge nthawi yotalikirapo. Komabe ndikufuna mudziwe chimene muli nacho, RSC ndi chotchinga wakuba wothamanga uja, si linga. Ngati muli ndi mfuti imodzi kapena ziwiri, RSC kapena EN 1143-1 giredi 0 yomangiriridwa bwino ndi poyambira pabwino. Ngati muli nazo zambiri kapena zamtengo wapatali ganizirani TL, ndipo nthawi zina TL yogwiritsidwapo kale ntchito imaposa sefa yatsopano yonyezimira, bola katswiri wa maloko aione kaye nkusintha nambala.

Loko

Pali maloko a kiyi, a nambala zozunguza pamanja, a mabatani amagetsi, ndi a chidindo cha chala. Wozunguza pamanja amachedwa kutsekula koma amakhalitsa ndipo safuna batire, yang'anani wa UL 768 Group 2 kapena woposa. Wamabatani ndi wachangu ndipo nambala mumasintha nokha, yang'anani wolembedwa UL Type 1. Samalani ndi timasefa totchipa tamabatani tokhala ndi kakiyi kozungulira kobisika kuseri kwa kapulasitiki kuti muzitsekulira batire likatha, chifukwa kaloko kameneko nthawi zambiri nkofooka kuposa china chilichonse pa sefayo, ndipo sefa imalimba kufika pamene pali pofooka pake basi.

Za chidindo cha chala ndili ndi mantha nazo pang'ono. Mu October 2023 bungwe la boma loteteza ogula katundu la CPSC ku America linalengeza kuti masefa a mfuti a chidindo pafupifupi 61,000 abwezedwe chifukwa ankatha kutsekuka ndi chala cha munthu aliyense eni ake akuganiza kuti anaika chala chawo chokha, ndipo panali lipoti la mwana wazaka 12 amene anamwalira. Nde ngati muli ndi yotere iyeseni lero lomwe, chotsani kaye mfuti, mukhome, muitane munthu amene chala chake simunalembetse ayese kangapo. Ikatsekuka olo kamodzi musaikemonso mfuti.

Funsaninso ngati sefayo ili ndi chitsulo cholimba chotchinga loko kuti asaboole, komanso relocker, kachida kamene kamakhomereratu mabawuti munthu akamenya kapena kuboola loko.

Sankhani malo sefa isanafike

Malo abwino ndi obisika komanso opanikiza. Wakuba akafuna kukanula chitseko amafuna mpata woti mgwala uyende komanso woti thupi lake likankhe, ndipo chimene amakonda kwambiri ndi kuigwetsa sefa chagada kuti aponde mgwalawo ndi thupi lonse. Nde inuyo mulandeni mpata umenewo. Ikani sefa pakona, kumbuyo kugunde khoma, ndipo mbali imene chitseko chimatsekukira, ija yopanda mahinjesi, ikhale pafupi ndi khoma linalo kuti mgwala usowe kopita. Mkati mwa wodirobu yomangidwa kukhoma kapena m'kachipinda kakang'ono ndi malo abwino zedi chifukwa m'mbali mwa sefa, momwe chitsulo chimakhala chopyapyala kuposa chitseko, mumakhala motchingika. Ena amachita kumanga njerwa kapena kuthira konkire kuzungulira m'mbali ndi pamwamba, ndipo zimenezi zimasandutsa sefa wamba kukhala chinthu chovuta kwambiri.

Chipinda chogona cha eni nyumba ndi malo oyamba amene akuba amathamangirako, nde ngati nkotheka sefa yaikulu ikhale kwina. Isaonekere pawindo, isakhale poti aliyense wobwera kudzakonza magetsi kapena mipope aione. Galaja ine sindiikonda, kumakhala chinyezi, chitseko chake nchachikulu choti galimoto imafika pafupi, komanso nkomwe kumakhala zida zanu. Ndipo apa mvetsetsani, akuba ambiri sabwera ndi gulayinda, amapeza yanu. Gulayinda, mgwala, nkhwangwa, hamala yaikulu, makina oboolera, zonsezi zikhomereni pena, ena mpaka amasunga madisiki odulira chitsulo mkati mwa sefa momwemo.

Ngati mukuiika m'nyumba yam'mwamba kapena pansi pa matabwa, funsani mmisiri ngati pangapirire kulemerako. Tsiku lobweretsa sefa yesetsani kuti isakhale chionetsero, ifundikeni, ilowe msanga, ndipo chikatoni chake chokhala ndi chithunzi musachisiye panja poti aliyense wodutsa awerenge, chidulenidulenu.

Kumangirira, ntchito imene simuyenera kudumpha

Sefa yosamangirira ndi sutikesi imene mwamulongedzera wakuba. Anthu awiri okhala ndi kangolo konyamulira katundu amasuntha makilogalamu 200 kapena 300 osavutika kwenikweni, paja amene anakubweretserani sefayo anailowetsanso chonchi. Nde olo ikhale yolemera bwanji, imangirireni.

Chenjezo kaye, sefa yaitali yopanda kanthu imatha kugwera kutsogolo mukatsekula chitseko chifukwa kulemera kwambiri kuli kuchitsekoko. Mukhale awiri, wina aigwirize, ana akhale kutali.

Iimikeni pamalo pake penipeni, tsekulani, chotsani mashelefu ndi kapeti ya pansi, mupeza mabowo, kawirikawiri amakhala 4, ena amakhalanso nawo kumbuyo. Lembani ndi pensulo pasimenti podutsa m'mabowomo. Musanaboole tsimikizani kuti pansipo kapena m'khomamo simukudutsa paipi yamadzi kapena waya wamagetsi. Ngati pansi ndi pa konkire mufunika makina oboolera omenya aja ndi nsonga yoboolera konkire yofanana ndi mabawuti anu, ndipo mabawuti ake akhale otambasuka mkati mwa bowo, a M10 kapena M12, kutanthauza onenepa mamilimita 10 kapena 12, malinga ndi kukula kwa mabowo a sefayo. Kulungani kaselotepi pansonga yoboolera kuti mudziwe polekezera, bowo lizame kuposa pang'ono utali umene bawuti alowe. Mukaboola mudzaona kafumbi kotuwa kataunjikana pakamwa pa bowo ndipo kena katsalira mkati, kameneko kachotseni konse, puliziranimo ndi pampu kapena kokani ndi makina okokera fumbi, lowetsani kaburashi, pulizaninso. Anthu ambiri amadumpha zimenezi kenako bawuti amakana kufika pansi kapena amagwira fumbi m'malo mogwira konkire. Bwezerani sefa pamalo, lowetsani mabawuti ndi hamala pang'onopang'ono, ikani mawasha akuluakulu ochindikala kuti mutu wa bawuti usang'ambe chitsulo cha pansi munthu akamakanula, kenako mangani ndi sipanala mosinthanasinthana, uyu pang'ono uyo pang'ono, mpaka onse agwire.

Musanamalize kumanga yang'anani pansi pa sefa ndi tochi. Pakakhala mpata woti nsonga ya chitsulo ingalowe utsekeni ndi tizitsulo tathyathyathya musanamange komaliza, chifukwa mpata umenewo ndi pomwe munthu angayambire kuizula. Kenako ikankheni ndi phewa mwamphamvu, isagwedezeke olo pang'ono, ndipo yesani chitseko kangapo muone ngati chikutsekeka bwinobwino poti kumanga mopitirira mbali imodzi kumatha kupotoza felemu.

Pansi pakakhala pa matabwa, masikulu aatali onenepa alowe m'mitanda yonyamula pansipo, osati m'matabwa apamwamba okha. Kukhoma la njerwa boolani pa njerwa yeniyeni osati pa matope kapena simenti ya pakati, ndipo njerwa zikakhala zofewa kapena zamabowo gwiritsani ntchito mabawuti omata ndi guluu wa konkire uja. Sefa yaitali yopepuka imangirireni pansi ndi kukhoma komwe. Ngati mukuchita lendi pemphani eni nyumba, mabowo 4 amatsekeka mosavuta tsiku losamuka, ndipo simukuyenera kufotokoza zimene muzisungamo. Mnzanga uja china chimene chinamulepheretsa chinali chimenechi, manyazi opempha.

Kiyi, nambala ndi pakamwa

Mungagule sefa yabwino bwanji, kiyi akakhala mudilowa ya pafupi ndi bedi kapena pamwamba pa sefa pomwepo ndekuti palibe chimene mwachita. Wakuba amakhuthula madilowa onse, ndipo ana amadziwa malo onse obisika m'nyumba kuposa mmene timaganizira. Kiyi aziyenda nanu, wapadera akhale kunja kwa nyumbayo pamalo okhomedwa amene lamulo likulola. Nambala imene sefa inabwera nayo kuchokera kufakitale isintheni tsiku loyamba, ndipo posintha chitseko chikhale chotsekula, muiyese katatu musanatseke. Musaike chaka chobadwa, nambala ya nyumba kapena manambala otsatizana. Mabatani akayamba kufufutika pa manambala amene mumadina kawirikawiri sinthani nambala, komanso musadine ana akuyang'ana.

Tsopano pakamwa. Wakuba wachitatu uja, wobwera ndi zida, samalota kuti muli ndi mfuti, amachita kumva. Amamva kwa munthu amene munamuonetsa monyadira, amene nayenso anauza mnzake mosaganiza zoipa, kapena amaona zithunzi zimene munaika pa Facebook, kapena sitika ya kampani ya mfuti imene munamata pagalimoto. Enanso timalengeza pa intaneti kuti tili paulendo tibwera sabata yamawa. Ndikudziwa kuti munthu ukagula chinthu chabwino umafuna anzako aone, koma mfuti si chinthu choonetsa. Amene akudziwa za sefa yanu akhale ochepa kwambiri. Potulutsa mfuti kupita nayo kugalimoto ikhale m'chikwama chosaonetsa kuti muli chani.

Ndinenenso ichi poti nchofunika kuposa zonse, zigawenga zikakupezani muli m'nyumba nkukuopsezani inu kapena ana kuti mutsekule, sefa singakuthandizeni ndipo moyo wa munthu sungafanane ndi katundu aliyense. Nchifukwa chake nkhani yoti anthu asadziwe ili patsogolo.

Mphindi mwagulazo zikhale ndi ntchito

Sefa ikamuchedwetsa wakuba mphindi 15 koma nyumba ili yokha kwa masiku atatu popanda womva phokoso, mphindi zimenezo nzachabe, adzakhala pansi nkudula mwakachetechete. Choncho pafunika china choti chiziwerengera wakubayo nthawi. Alamu yolira kwambiri komanso yotumiza uthenga pafoni kapena kukampani yachitetezo, yokhala ndi batire lake magetsi akazima. Kachida komva kugwedezeka komata pa sefa penipeni kapena kachida ka pachitseko cha wodirobu imene muli sefayo. Kamera yosunga zithunzi kunja kwa nyumba, osati m'kabokosi koti wakuba anyamule limodzi. Zitseko ndi mawindo olimba, magetsi apanja, galu, ndi anansi amene mumagwirizana nawo oti akamva gulayinda ikulira kwanu inu kulibe aimbe foni. Alamu ikamalira wakuba amakhala ndi mphindi zochepa, ndipo apa mpamene sefa ya RSC yomangiriridwa ija imaoneka phindu lake lenileni.

Mkati mwa sefa momwemo mungawonjezere zina. Mfuti zikhale zopanda zipolopolo, zipolopolozo zikhale m'bokosi lina lokhoma, m'mayiko ena limeneli ndi lamulo. Mfuti yoti kachitsulo kake kokokera chipolopolo kamachoka, kachotseni mukasunge pena, wakuba akatenga mfutiyo atenge chinthu chosagwira ntchito. Waya wachitsulo wodutsa m'mfuti zonse nkukhomedwa mkati umawonjezeranso mphindi zina.

Za moto ndingonena mwachidule. Manambala ambiri a moto olembedwa pa masefa a mfuti amachokera kwa opanga okha. Muyezo wodalirika ndi ngati UL 72 Class 350, wotanthauza kuti mkati simunapose madigiri 177 a Celsius pa nthawi yolembedwayo, ndipo pa mayeso a ola limodzi kunja kumafika madigiri 927. Mabodi a gypsum aja amateteza potulutsa nthunzi akatenthedwa, nde moto ukachitika tsekulani msanga pakazizira mupukute mfuti ndi mafuta. Ndipo sefa yopangidwira moto yokha musaiyese ya akuba, zambiri zimakhala lata lopyapyala lokutira zinthu zoletsa kutentha. Chinyezi nacho ndi mdani, bokosi lotsekeka limasunga chinyontho ndipo dzimbiri limayamba mwakachetechete. Ikanimo silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, muziumitsa pafupipafupi kapena kandodo kamagetsi kofunditsa mkati, ndi kachida koyezera chinyezi, chizikhala chapafupi ndi 50 peresenti.

Lembani manambala lero, musadikire tsoka

Tengani mfuti iliyonse, lembani mtundu wake, kukula kwa chipolopolo chake ndi nambala yake yodindidwa pachitsulo, jambulani mfuti yonse komanso nambalayo pafupi kuti iziwerengeka. Jambulaninso laisensi, malisiti, kachizindikiro ka muyezo wa sefa ndi mabawuti mwamanga aja, zimenezi zidzaonetsa apolisi ndi a inshulansi kuti munasunga mosamala. Zolembazi musazisunge mu sefa momwemo mokha, sefa ikapita zipita nazo, sungani kope lina kwina kotetezeka. Funsani a inshulansi ngati mfuti zili m'gulu la katundu amene amalipira komanso mpaka malire ati, chifukwa nthawi zambiri amaika malire otsika pokhapokha mutazilembetsa padera.

Mfuti musaisiye m'galimoto usiku, galasi limasweka pa sekondi imodzi. Ngati mwakakamizika kuisiya kwa kanthawi ndipo lamulo likulola, ikhale m'kabokosi kachitsulo komangiriridwa ku thupi la galimoto, posaonekera.

Kamodzi pachaka sinthani batire la loko chitseko chili chotsekula, yesani alamu, gwirani mabawuti ndi sipanala muone ngati sanamasuke, ndipo nthawi ndi nthawi muziwerenga mfuti ndi zipolopolo zanu kuti china chikasowa mudziwe msanga. Mukapeza kuti athyola, musalowe nokha poti mwina akadali mkati ndipo tsopano ali ndi mfuti, imbani apolisi muli panja. Musagwiregwire sefa kapena zida zimene asiya, pangakhale zidindo za zala. Kanenenitu tsiku lomwelo ndi manambala aja m'manja, ku South Africa mwachitsanzo lamulo limapereka maola 24 okha kuchokera pamene mwadziwa, ndipo tengani nambala ya lipoti lanu mukapereke ku ofesi ya malaisensi ndi kwa a inshulansi.